Lilime la Wilkin

Eladio Paulino analavula makoko a mpendadzuwa n'kuyang'ana kumbali. Bwana Lindqvist, amene anafika m'mawa womwewo kuchokera kulikulu la timu, anali akumuonetsa kompyuta kachitatu.

"Taonani nokha, a Eladio. Liwiro lotere munaliona kuti? Mwanayu akutaya nthawi kuno ku Texas. Lamlungu akaponye ku ligi yaikulu."

"Sanapse, bwana."

"Nyimbo yanu ndi yomweyo chaka chonse."

Eladio anakukuta mano. Zaka makumi awiri akuphunzitsa oponya mpira wa besibo, koma masiku ano wodziwa zonse ndi amene wanyamula kompyuta. Zinkamunyansa kwabasi.

Patsogolo pawo Wilkin Severino, mnyamata wa kwawo kwa Eladio ku San Pedro, ankayeserera kuponya.

"Tsekani chinthu chanucho, mungomvetsera," anatero Eladio. Wilkin atangokweza mwendo, iye anati, "Wowongoka." Mpira unalira kuti phaa! m'gulovu ya wowakha. "Wokhota." Mpira unakhotadi. Analosera ka khumi ndi kawiri osaphonya.

"Mukudziwa bwanji?"

"Lilime, bwana. Akafuna kuponya wokhota, kansonga ka lilime kamasuzumira pakona pa mlomo. Miyezi iwiri ndikulimbana nako. Ana a kuno sakaona, amangonjenjemera ndi liwiro. Koma uko kuli zikhwaya zomwe zimadyera kuwerenga nkhope za oponya. Akamusenda wamoyo."

Bwana anakanda m'mutu, kenaka anaseka. "Oponya athu atatu avulala. Mumpatse chingamu azitafuna."

Chingamu! Eladio anafuna kuiponya kompyutayo kuseri kwa mpanda. Iyenso anakwezedwa kupita ku ligi yaikuluyo ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, n'kukhalako masiku asanu ndi anayi okha. Mkono unabwerako wabwinobwino, koma mtima unatsala komweko, ndipo sanaponyenso mpira wopanda mantha.

Masana Wilkin anamupeza m'chipinda chovalira. Mnyamatayo anali atamatula kale kapepala ka dzina lake pakabati n'kukataya m'bini.

"Madala, ndamva mumandikaniza. Amayi ndawaimbira kale, tchalitchi chonse chikudziwa. Kapena ndi nsanje, poti inuyo munakalephera?"

Mawuwo analasa pachilonda penipeni. Kodi n'kutheka kuti inalidi nsanje? Eladio anatulutsa paketi ya chingamu m'thumba.

"Kuthamanga sikufika, mphwanga. Tenga. Ukakwera pamtumbira woponyerapo mpira, usalavule ngakhale chitasukuluka."

"Inunso, madala!" Wilkin anaseka, koma anatenga.

Lamlungu masana timu yonse inaunjikana pa TV m'chipinda chomwecho kuti ionere Wilkin akuponya ku ligi yaikulu. Womenya woyamba wa timu inayo anaphonya mipira itatu yowongoka n'kutuluka. Wachiwiri chimodzimodzi. Anyamata anamenya makabati, ena kuvina. Eladio anapemphera chamumtima kuti achite manyazi ndi iyeyo, amuseke mpaka Khirisimasi, bola mwanayo apulumuke.

Chigawo chachiwiri chinayamba ndi mavuto. Omenya awiri anaumenya mpira n'kudutsa, ndipo kutsogolo kunaima chimunthu cha imvi m'ndevu, chosapupuluma, maso ali pankhope ya Wilkin. Mnyamatayo anapukuta thukuta, n'kuyang'ana khamu la anthu. Kukamwa kuyenera kuti kunauma gwa, chifukwa anatembenuka n'kulavula chingamu chija.

"Chitsiru iwe," ananong'ona Eladio.

Kamera inayandikira. Pakona pa mlomo kansonga kaja kanasuzumira.

"Wokhota."

Atatero, Eladio sanadikire kuti aone. Ali chotembenuka anamva ndodo ya womenya uja ikulira pampirawo, kenaka chipinda chonse chinangoti zii. Anapita pabini, nafukula pansi pa makapu ndi makoko a mpendadzuwa mpaka anakapeza kapepala kaja. Anakawongola ndi chala chachikulu, n'kukamatanso pakabati ya Wilkin.