Makina Amene Anadya Komboni Yathu

Achimwene anga a Jeremiah akaona chinthu chikuyenda bwino, manja amawayabwa. Ndikunena mosabisa chifukwa mpaka lero sindinawakhululukire.

Miyezi isanu ndinakhala ndikumanga komboni yathu yakale mu gemu ya pa laputopu, ija yomanga ndi timabokosi. Ndikaweruka ku fakitale ya sopo ku Southerton, ndinkafika kunyumba ku Dzivarasekwa n'kukhala pansi ndi bambo anga, a Lameki, iwo n'kumandiuza kuti apa panali tchalitchi, apa mpope, apa nyumba ya a Tionenji. Komboniyo inali pa pulazi pamene tinabadwira. Chitichotsereni, bambo sanapondekonso, ngakhale amayi athu a Eneles anaikidwa komweko. Bambowo anakana kuyang'ana pa laputopu mpaka nditamaliza, ndipo tinagwirizana kuti adzaiona Lamlungu, tsiku lawo lokwanitsa zaka 80.

Chinatsala chinali shedi ya fodya, yofuna njerwa zikwi ziwiri. Kuumba imodziimodzi kukanandikalambitsa, ndiye ndinaika modi, kapulogalamu kowonjezera kamene kamapanga zinthu kokha. Umakauza zitatu: chopanga, kuchuluka kwake, ndi kotenga zipangizo. Ine ndinakauza kuti dothi ndi nkhuni kazitenga m'bokosi limodzi lokha limene ndinkadzaza ndekha.

Loweruka masana a Jeremiah anatulukira. Amakonza mafoni m'tauni, ndiye amaona ngati nzeru zonse anagawira iwo.

“Iwe Nomatter, chii ichi? Makina ako akuyenda ngati kombi yopanda mafuta.”

“Musakhudze, mukoma. Ndapota, chonde musakhudze.”

“Ine ndikhudze zidole?” anatero akuseka.

M'mipope munalibe madzi, choncho ndinanyamula zigubu kupita ku mjigo. Mzere unandidyera ola lathunthu. Pobwera ndinawapeza atakhala pampando wanga, thukuta lili kamukamu, akudinadina ngati akupha nyerere.

Anali atasintha mizere iwiri yokha. Pa kotenga zipangizo anachotsa bokosi langa n'kulemba kuti paliponse. Pa kuchuluka anachotsa malire. Safunsa anadya phula. Makina sadziwa kusiyanitsa nyumba ndi mulu wa dothi: anagumula makoma kuti aumbe njerwa, anazula zitseko ndi mabenchi a m'tchalitchi kuti asonkhezere moto. Gemuyo imasunga yokha mphindi zisanu zilizonse, moti pobwerera panalibe.

“Mwandipha!” ndinakuwa. “Miyezi isanu, inu ola limodzi!”

“Ndimakuthandiza. Ko iwe, bwanji sunasunge kope lina? Wakhungu ndani apa?”

Zinandiwawa kwambiri chifukwa zinali zoona. Ndinawauza kuti chibadwire sanamangepo ngakhale khola la nkhuku, ntchito yawo n'kumasula za eni. Iwo anati mkazi wamkulu ngati ine kusewera gemu n'chifukwa chake ndilibe banja. Chigubu chimodzi ndinawaponyera, ndipo ndimadandaula kuti ndinaphonya.

Phokosolo linadzutsa bambo kuchipinda. Analowa ndi ndodo yawo, natiyang'ana tonse awiri.

“Mukuphana chifukwa cha chiyani?”

Ndinafuna kutseka laputopu koma anandigwira dzanja. Anakhala pansi, navala magalasi.

Pamene panali komboni panali poyera, milu ya njerwa mbali zonse. Chinthu chimodzi chokha chinaima. Gemuyo ili ndi mndandanda wa zinthu zosayenera kukhudzidwa, ndipo ine ndinalembamo chimodzi basi, tsiku limene ndinachimanga, poopa kuti ndingachigumule mwangozi: manda a amayi, ndi mtanda wake wa matabwa.

Bambo anayang'ana nthawi yaitali. A Jeremiah anayamba kufotokoza za maseting'i, koma bambo anawakwezera dzanja kuti akhale chete.

“Nyumba zapita kuti?”

“Makina agumula, baba,” ndinayankha, misozi ikutsika.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nasisita galasi ndi chala pamene panali mtanda.

“Usamangenso, mwanawe. Umu ndi mmene tinapasiyira.”

A Jeremiah anatuluka osatsanzika. Bambo anakhala pomwepo mpaka batire linatha.