Odi wa a Mphepo

Pa esiteti ya a Mphepo, cha ku Chisemphere, netiweki imagwira malo amodzi okha: m'kachipinda ka kuseri kwa shedi yosankhiramo fodya. Misuku yonse ija ankatola ana kale idathera m'zigafa zoumitsira fodya. Dziko latsala dazi lokhalokha, choimirira ndi nsanja ya mafoni basi.

Tithokoze, mtengwa wa pakhomopo, analowa m'kachipindako ndi laputopu kuti alembe mayeso a satifiketi yoyamba ya mainjiniya a netiweki. Malamulo ake ngouma. Woyang'anira ali kunja kwa dziko, amakuona pa kamera. Ukangoyankhula, kapena wina akalowa, mayeso athera pomwepo. Adapempha mwamuna wake Lazaro kuti alondere pakhomo, koma Lazaro anasankha mpira wa ku Boma. Ndiye anangokankhira belo la fodya kuchitseko.

Ali pa funso la marauta awiri, timakina ta netiweki, okana kulumikizana, anamva ndodo kunja.

"Odi!"

Apongozi ake, a Mphepo. Lilime linadzuka lokha monga lidazolowera. Analiluma.

"Odi muno! Ndikukuonanitu pazenera, apongozi. Mwagontha liti?"

Pa sikirini panabwera mawu a woyang'anira: akumva munthu, ndani? Tithokoze analemba kuti ndi phokoso la panja. Woyang'anirayo anamuchenjeza kuti asatembenuke.

"Bambo anu adatsika pa lole pano kuchokera ku Mulanje ndi mphasa yokha," anakuwa a Mphepo kuti amayi osankha fodya amve. "Ndikati odi, chipewa chinkavulidwa ndisanatseke pakamwa. Lero mwana wa tenanti akunditsekera shedi yanga yomwe, eti akucheza ndi azungu a m'galasi!"

Wina mwa amayiwo anaseka, kuseka kofuna ganyu wa mawa.

Chitseko chinagwedezeka, belo linasuntha. Tithokoze anatambasula mwendo n'kulipondereza, nkhope ili gwa pa kamera. Thukuta linatsikira m'khosi. Fungo la fodya wa bale linamukumbutsa malaya a bambo ake, omwe adaikidwa kuseri kwa munda uno opanda ngakhale mwala.

"Ndinena komaliza. Mukapanda kuyankha, katundu wanu mumupeza panja. Odi!"

Mawu amodzi okha, ukwati ukadakhala. Tithokoze anayang'ana marauta aja. Anaona kuti manambala a mbali ziwirizo sakugwirizana, nadina yankho, n'kupita pa funso lotsatira.

Ndodo inachoka ikugunda pansi mwaukali.

Atamaliza, sikirini inazengereza, kenako inati wakhoza. Anakoka belo, mwendo uli dzanzi. Panja dzuwa linali phwee. Chikwama chake chinali pafumbi, zitenje zikutulukira m'mbali. Amayi aja anaweramira masamba awo. A Mphepo anakhala pa mpando pamthunzi wa shedi, ndodo pamiyendo.

Tithokoze anagwada patali monga mwa ulemu, nawomba m'manja.

"Lowani, bambo. Shedi yanu ija."

Ananyamula chikwama pamutu, laputopu m'khwapa, nalunjika msewu wa ku Boma.