Apongozi pa Wotchi Yodinda Makhadi

M'chaka cha 1996, boma litagulitsa fakitale yathu yosoka matumba ku Kafue, eni atsopano anakhoma wotchi yodinda makhadi m'kanjira kopapatiza pafupi ndi chipata. Wodinda seveni koloko itadutsa ankadulidwa malipiro a theka la tsiku, wochedwa kasanu ankachotsedwa ntchito, ndipo kudindira mnzako kunali koletsedwa.

Chindikani, mnzathu wa pafakitalepo, ankafika kuchokera kukomboni ya Estates dzuwa lisanatuluke, komabe anali atachedwa kale kanayi. Vuto linali amayi Mainess, apongozi ake, amene ankasoka pafakitale pomwepo. Kwawo ku Katete mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Choncho akawaona akubwera, ankabisala kuseri kwa migolo kuti iwo adinde kaye. Nawonso amayi, poona nsapato za mkamwini zitasuzumira, ankakhala kuseri kwa mtengo wa mango kumudikira mwaulemu. Onse awiri anali atatsala ndi kuchedwa kamodzi kokha kuti achotsedwe ntchito.

M'mawa umene akanachedwa kachisanu, kapitawo Lastone anaima pakati pa migolo ndi mango, thukuta lili kamukamu.

"Ba Chindikani, kwatsala mamineti atatu! Tulukani!"

"Auzeni amayi ayambe ndiwo," inayankha migolo.

"Muuzeni mwananga adinde, ine sindikufulumira," unatero mtengo wa mango.

"Imwe banthu, wotchi ilibe apongozi!"

Lastone anatola matumba awiri, naveka Chindikani ndi amayi kumutu, n'kuwakoka pamkono ngati mbuzi za pamsika. Chindikani anafufuza kabowo ka wotchi ndi zala, nadinda. Amayi anadindanso. Makhadi onse anaonetsa 6:59. Koma potembenuka anagundana, ndipo pomwepo anagwada pansi n'kuyamba kuomba m'manja.

"Pepani amayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, bambo, kaya anzathu? Nanga chifuwa cha mwana chija?"

Manijala watsopano, a Ferdinand, anapeza matumba awiri akupatsana moni, mzere wa anthu makumi anayi uli kumbuyo, onse atachedwa. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka anakhala pa mgolo. Analamula kuti tsikulo asadulidwe munthu, ndiponso kuti wogwira ntchito ndi apongozi ake azipatsidwa mphindi khumi zoonjezera.

Pofika Lolemba, amuna khumi ndi anayi anali atakalembetsa ku ofesi kuti ali ndi apongozi pafakitale. Asanu ndi mmodzi mwa iwo anali asanakwatire.