Madzi a M'damu la Rukiyah

Nsomba zinafa zonse. Rukiyah anapeza damu lake lili mbuu, mimba m'mwamba. Madamu a anzake chimodzimodzi, kuyambira pamlatho mpaka kunyanja. Anthu a boma anabwera ndi mabotolo, anatunga madzi a mumtsinje, anapita. Kenako zii.

Tsopano inali nyengo yoika mbewu ya nsomba m'madamu. Wogulitsa tiana ta nsomba za bandeng ankadutsa pa njinga yamoto m'mawa uliwonse. Rukiyah ankangomuyang'ana. Kuika m'madzi oipa n'kutaya. Kudikira n'kuphonya nyengo. Ndipo damulo ndilo linkadyetsa nyumba.

Lamulo la ku Indonesia kuno limati nzika ikafunsa, boma liyankhe pa nthawi yake. Rukiyah anafunsa, molemba: munapeza chiyani m'madzi aja? Wolandira mafunso pa ofesi ya bomayo anali Hardjito, mng'ono wa malemu mwamuna wake.

"Mawa, alamu," anatero Hardjito.

Mawa linafika. "Sabata yamawa, alamu."

Rukiyah ankamwetulira, kusiya nthochi zokazinga patebulo, kukwera basi. Nthawi ya lamulo inatha ali m'maulendo omwewo.

Marpuah, mnzake wogulitsa masamba pamsika, sanamunyengerere.

"Iwe, nthochi zako zanenepetsa ofesi yonse. Kadandaule kwa bwana wake! Akachedwetsa yankho, lamulo likukupatsa njira imeneyo. Bwanayo akachitanso ugonthi, mumzinda muli bungwe loona za milandu yotere. Amawaitana, n'kuwakhazika pampando ngati ana a sukulu."

"Ndikamunenere mlamu wanga? Munthu amene ananyamula maliro a mwamuna wanga?"

"Ndiye weta achule."

Mawuwo anamuyabwa mpaka kunyumba. Kuno ku Java munthu sadutsa patsogolo pa wina osawerama. Sulumpha mnzako osapempha njira. Rukiyah anaganiza: kudandaula ndidandaula, koma njira ndipempha.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, anagula shuga ndi masamba a tiyi, napita kwa Hardjito. Anakhala pakhonde. Anakamba za mvula. Za ana. Za bondo la Hardjito. Tiyi anazizira. Ndipomwe Rukiyah anazolika, manja pamiyendo.

"Alamu, mundikhululukire ndisanalakwe. Ndikufuna ndikakudandaulireni kwa abwana anu."

Hardjito anaika kapu pansi. Anasuzumira kumsewu. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Abale! Mwachedweranji?"

"Mukuti chiyani?"

"Zotsatira zinabwera kalekale. Zili patebulo la abwana, zikudikira kuti asaine. Ndinawakumbutsa kamodzi. Kawiri ndi mwano. Koma dandaulo lanu, limenelo ayenera kuyankha okha."

"Ndiye osandiuza bwanji? Ine ndikutha mabasi!"

"Ndiyambe bwanji? Ndinene kuti alamu, kandinenereni? Nthochi zanu zili m'kamwa?"

Rukiyah anagwira pakamwa. Anthu awiri akuluakulu, kulemekezana mpaka nyengo kutsala pang'ono kuthawa.

"Lembani molimba," anatero Hardjito. "Dzina langa mulitchule. Ndipo musachoke asanakudindireni kuti alandira."

"Akukalipirani."

"Makutu angawa anazolowera. Mlongo wa abwanawo ndiye mkazi wanga."

M'nyumba munamveka mawu a mkazi wake: "Ndamva zimenezo!"

Lolemba Rukiyah anapita wopanda nthochi, kalata ya dandaulo yokha m'manja. Anadutsa tebulo la Hardjito, anawerama pang'ono, nakwera masitepe opita kwa abwana. Anapereka kalatayo. Chidindo chinalira, phaa. Anatsika.

Kumzinda sanafikeko. Yankho linatuluka wogulitsa mbewu uja asanamalize zake. Silinali lokoma lonse. Mtsinje unali usanachire. A kumtunda, pafupi ndi mlatho, adikire ndithu. Koma a kumunsi akhoza kuika, bola atseke ngalande ya kumtsinje, azilowetsa madzi pokhapokha nyanja ikadzaza.

Damu la Rukiyah linali la kumunsi.

Anawerengera anzake yankholo pamsika, mokweza, pakati pa madengu a tsabola. Ena anasangalala. Ena anatukwana, nafunsana kale kuti nanga anaipitsa mtsinjewo ndani, ndipo funso limenelo alilembe bwanji.

M'mawa mwake njinga yamoto inamveka. Rukiyah anali kale pamsewu, matope mpaka m'mawondo, dzanja m'mwamba.

Madzulo Hardjito anadutsa m'mphepete mwa damu, nsapato m'manja.

"Andikalipira, alamu. Nthochi za chipepeso zilipo?"

"Zinatha," anatero Rukiyah, akuyang'ana tiana ta nsomba tikuthamanga m'madzi ngati timizere tasiliva. "Dikirani nsomba."