Kalozera wa Zolakwika

Chipinda cha seva, kompyuta yaikulu ya kampani, chinalibe zenera. Munali mpando umodzi, fani yolira ngati chigayo, ndi mtsikana amene ofesi yonse inkamutcha Wazolakwika, poti ndiye ankasamala pulogalamu yosunga zolakwika za mapulogalamu ena onse. Kampani inakana kuzisungitsa kwina, inati zathu zizigona pakhomo. Zinagonadi, mamiliyoni asanu ndi anayi, moti kusaka chimodzi kunkadya mphindi khumi. Anthu ankadina n'kupita kukathira tiyi.

"Chemwali, kusakaku kukafulumira, tchuthi chanu ndisayina," anatero abwana ataima pakhomo, poti awiri sankakwanamo.

Mayi a mtsikanayo anali ndi opaleshoni ya diso Lolemba, ndipo wina wowaperekeza panalibe.

"Bwanji tifufuteko zakale, bwana? Zina n'za mapulogalamu amene anafa kalekale."

"Kuno sitifufuta kanthu. Chomwe wataya lero n'chimene amafunsa mawa."

Pofika masana mtsikanayo vuto analipeza. Nkhokwe ya deta inkawerenga mzere uliwonse kuchokera pa woyamba, ngati munthu wofuna dzina m'kaundula wosasanja. Inkafunika kalozera. Anayamba kumumanga, koma laputopu ya kampani inkagona yokha pakatha mphindi zisanu, ndipo ikagona ntchito yonse inkayambiranso. Choncho anakhala pampandopo maola atatu, akugwedeza mausi kuti laputopuyo isagone, ngakhale kuchimbudzi osapita.

Mnzake wina wa mu ofesimo anasuzumira.

"Akutsekerani, kapena mwadzitsekera?"

"Ndikugwiritsa ntchito digiri, achimwene. Simukuona dzanjali?"

"Koma musafulumizitse kwambiri. Enafe timapumira pomwepo."

Kalozera atatha, anayesa. Yankho linabwera chala chisanachoke pa batani. Anayesanso kawiri, kenako n'kukaitana abwana.

Abwana anakhala pampando wake, iye n'kutsamira chitseko. Abwanawo anasaka chinthu chimene panalibe yemwe anapirirapo kuchidikira: zolakwika zonse zosakonzedwa. Zinakhuthuka nthawi yomweyo, zikwi zinayi, zina za chaka chatha, zina zokhudza makasitomala amene ankangodandaula osamvedwa.

"Eee! Zonsezi zinali momwemu?" Anatsitsa tsamba, akumwetulira ngati atola kanthu. "Mwagwira ntchito, chemwali. Ndiye wina angazimvetse ndani izi, kupatula inu? Za tchuthi tikambirana zikachepako."

Foni inanjenjemera m'thumba. Mayi ankafunsa kuti Lolemba anyamuka nthawi yanji. Analemba kuti "Ndikuuzani, amayi," n'kudikira kuti abwana amuchokere pampando.