Mbande za ku Chawe

Amayi anatisiya mu Novembala, mvula yodzalira isanagwe, ndipo akuluakulu a kumudzi kwathu, kuseri kwa Songani, anagwirizana kuti mwambo wosudzula ababa udikire anthu akolole. Tonse tinkadziwa chimene tsikulo lidzagamule. Ababa, a Alufandika, anali mkamwini pamudzipo. Eni mbumba akanatha kunena kuti alamu khalani muzitionera pakhomo, kapena kunena kuti alamu takumasulani, pitani kwanu. Kwawoko ndi ku Chiringa, kumalire ndi Mozambique, komwe anachoka ine ndisanabadwe, ndipo ankangopitako kukagwa maliro.

Ine Lily ndimakhala ku Chikamveka ndi amuna anga a Henderson, ndimaphunzitsa ku pulayimale. Pa Khrisimasi ndinakawapeza amalume a Herbert, alongo awo a amayi, amene ndi mwini mbumba yathu, ndipo ndinawafunsa mosapsatira. Anandiyankha bwino ndithu. "Mtima pansi, Lily. Munthu wakalambira pano, tinene kuti apite kuti?" Ndinabwerako mtima uli m'malo, ngakhale ndinkadziwa kuti ana a amayi aang'ono diso lawo lili pa dimba la kumtsinje, lomwe ababa sankaligoneka chaka chonse.

Mu Epulo, sukulu zitatsekera, kunabwera achimwene anga a Trevor kuchokera ku Lilongwe, pamodzi ndi akazi awo ndi mwana wawo wamkazi, Abigail. A Trevor si munthu woipa ayi. Vuto lawo ndi loti matenda alionse iwo amafuna kuwachiza ndi galimoto. Anachoka pamudzi ali aang'ono kupita kusukulu yogonera konko, ndiye za kumudzi amazidziwa mmene ine ndimadziwira za ndege. Atangowaona ababa atawonda, khosi likusambira m'kolala ya shati, anagamula kuti mkuluyu akufunika kuyenda.

Ndiye tinayendadi. Tinapita nawo kumsika waukulu wa m'tauni kukawasankhira jekete pa kaunjika. Lachisanu Loyera tinayenda nawo njira ya mtanda mpaka mapazi kutupa. Tsiku lina tinakadyera mpunga ndi nkhuku pa kapinga m'munda wa maluwa wa m'munsi mwa phiri la Zomba, anyani akutizonda m'mitengo. Masiku ena tonse tinkapita kumudzi kukathandiza kudimba, chifukwa inali nthawi ya masika, yofesa tomato ndi mpiru wa nyengo yozizira. A Trevor ankagwira khasu kanthawi kochepa, kenako foni inkawapulumutsa. Ababa ankatsatira zonsezi mwaulemu ngati mlendo, akafunsidwa ngati akusangalala ankangoti, "Kwambiri," basi.

Tsiku limene anatsegukadi pakamwa ndi lomwe tinakwera phiri. Kunali chifunga ku Chawe, kukuzizira kolowa m'mafupa, anyamata ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi akuthamangira galimoto iliyonse. Titafika pa damu la Mulunguzi, ababa anatsika nayamba kuloza uku ndi uku. Paunyamata wawo ankagwira ntchito ya zankhalango pamwamba pomwepo. Anatisonyeza mbali imene ankadzala mitengo ya paini mvula ili pamsana, ndi pomwe anakumana ndi amayi akutsika ndi mtolo wa nkhuni. Malo ambiri anali ziputu zokhazokha, mitengo inatha kuchekedwa, koma iwo ankaloza ngati ikadalipo. Anaseka tsiku limenelo, kuseka kwenikweni, koyamba chimwalirire amayi. Ine ndinapita kuseri kwa galimoto kukapukuta misozi kuti ndisawasokoneze.

Potsika, a Trevor anaima pa bambo wina wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu nagula za mapichesi ndi mapeyala. Ine ndinkayesa ndi za kupoloti kwawo ku Lilongwe. Anandisiya ku Chikamveka madzulo amenewo, iwo napitirira kukawatula ababa.

Nditapita kumudzi patatha masiku angapo, ndinapeza mbande zija zili pamzere kuseri kwa nyumba, iliyonse ndi kampanda kake ka bango, dothi likadali lonyowa.

"Wadzala izi ndani?"

"Ababa ndi manja awo," anayankha a Trevor monyadira. "Ine ndangokumba maenje. Akhale ndi chosamalira, asamangoganiza."

"Achimwene, mitengo? Pamalo pano? Mwezi uno?"

"Nanga mitengo ili ndi mwezi?"

Mwana aliyense wokulira pamudzi paja amadziwa kuti mkamwini amalima chimanga, nandolo, ndiwo zamasamba, zinthu zoti akachoka zimathera pomwepo. Mtengo ayi. Mtengo umanena kuti malo ano ndi anga, ndipo ndidzakhalapo. Mango onse a pakhomo pathu anadzala ndi amayi. Ababa ankabweretsa njere, n'kukumba dzenje, koma poika m'dothi ankaitana amayi, ndipo ife tinkayesa ndi chikondi chabe.

Ndinawapeza ababa kudimba akuthirira nazale. "Ababa, inu simunadziwe?"

Anatula kheni pansi. "Ndinadziwa."

"Nanga bwanji?"

"Abigail anandipatsira m'manja, akuti agogo dzalani ndinu. Ndikanaitana ndani?" Ananyamulanso kheni ija. "Komanso, Lily, phiri lonse lija ndinadzala ine, la boma. Ndinafuna ndimveko mmene zimakhalira kudzala mtengo pakhomo pomwe umagona."

Ndinafuna kukazizula tsiku lomwelo, koma zinali zitaoneka kale. Pamudzi nkhani siyenda ndi miyendo. Ana a amayi aang'ono anali atafika kale kwa amalume, akuti mwaona, mwezi wonsewu galimoto ikungozungulira, kumutenga mkuluyu kupita naye m'tauni, si kwa maloya kumeneko? Lero wayamba kuika malire ndi mitengo.

Mwambo unachitika Loweruka lomaliza la mweziwo. Anthu anadzaza pabwalo la nyumba yathu, ababa atakhala pamphasa pakati, mutu wometedwa, atavala jekete ija ya pa kaunjika. Amalume anaimirira nayamba bwino, kuyamikira mmene alamu awo anasamalira mlongo wawo pa matenda. Kenako mawu anasintha.

"Koma alamu, mwatikhumudwitsa. Ife timati tikusungeni ngati mbale. Inu osadikira n'komwe kuti tiyankhule, mwayamba kudzigawira malo. Mlongo wathu sanathe chaka m'manda. Kodi munkangodikira kuti atseke maso kuti mulande dothi la eni ake?"

Apa ndiye ndinaiwala kuti ndine mphunzitsi. Ndinaimirira osapempha. Ndinawauza amalume kuti munda ndi dimba ndi za amayi anga, ndipo mwana wamkazi wa amayiwo ndine, kotero ngati pali mwini dothi pamenepo ndi ine, ndipo ine ndikuti ababa sachoka. Ndinatchula mayina a amene ankalilira dimbalo, mmodzimmodzi, akundiyang'ana. A Trevor nawo anaimirira, kulumbira kuti mbande anagula ndi iwo, mwaumbuli wawo. Azimayi achikulire anayamba kung'ung'udza kuti mwanayu akunena zoona. Amalume anaona kuti mphepo yatembenuka. Anakhosomola, nati chabwino, mitengoyo izulidwe, alamu apepese pagulu, nkhani ithe, akhale.

Ndinakhala pansi ndikupuma ngati ndathamanga. Ndinkayesa tapambana.

Ababa anadzuka pang'onopang'ono, nagwira chipewa pachifuwa. "Zikomo eni mudzi. Kupepesa ndapepesa. Mitengo muzule, ndi dothi lanu. Ndakhala pano zaka zonsezi, sindinasunthepo malire a munthu ngakhale phazi limodzi. Lero ndamva dzina langa latsopano, ndalimva pamaso pa ana anga. Mundimasule ndithu, ndizipita."

Tinawachonderera mpaka dzuwa kupendeka. Amalume omwe anabwera kudzati alamu, pakamwa panangoterereka. Ababa anawayankha mwaulemu kuti palibe mlandu, uku akupinda malaya awo. Ndinawapempha kuti abwere ku Chikamveka, a Henderson anali atavomera kale. Anakana. Akuti munthu wamkulu sangamapanikizane ndi mkamwini wake pakhomo la bafa limodzi. Za ku Lilongwe anangopukusa mutu, akuti akakhale m'nyumba ya mpongozi wawo, azikadya akuyang'ana pansi mpaka liti? Ndinakwiya nawo, ndinawauza kuti ndi ouma mutu, kuti akutilanga ife chifukwa cha pakamwa pa munthu wina. Anangondipatsa kheni yawo kuti ndikathirire nazale, chifukwa dzuwa linali litaiwamba.

Ulendo womaliza wa holideyo unali umenewo. Tinanyamuka Lolemba m'mawa kudzera msewu wa ku Jali, katundu wa ababa yense atakwana kumbuyo kwa galimoto: sutikesi, wailesi, khasu, nkhwangwa ndi thumba la chimanga. Abigail tinamuuza kuti tikukaona phiri la Mulanje, ndiye njira yonse ankaimba nyimbo za ku Sande sukulu, agogo ake akumuthandiza mawu apansi. A Trevor ankangoyang'ana msewu kuchokera ku Zomba mpaka ku Phalombe. Ndinkaona m'kagalasi maso awo ali psuu, ndipo mkwiyo umene ndinawasungira sabata yonse unandithera.

Ku Chiringa alongo awo onse a ababa anatha kalekale. Anatilandira mdzukulu wa mmodzi wa iwo, mayi wachitsikana wa mwana kumsana, amene anachita kufunsa kawiri kuti agogowa ndi ati. Atamvetsa, anagwada, nawalonjera m'Chilomwe. Ababa anayankha mokakamira, chinenero chawo chomwe chikuwazemba pakamwa. Mayiyo anatisonyeza kanyumba ka chipinda chimodzi komwe ankasungiramo nandolo, nati akasesamo. Panalibe mtsinje pafupi, panalibe dimba. Dothi lake linali louma, lamiyala.

Ndinalowa m'kanyumbamo kukayala mphasa, ndipo ndili momwemo ndinalephera kudzigwira. Ndinalira mokweza ngati tsiku la maliro a amayi. Ababa analowa, naima pakhomo.

"Ababa, tiyeni tibwerere. Chonde. Simungakhale muno."

"Iwe, pukuta m'maso, mwana angakuone."

"Mukudziwa ndani kuno? Mukadwala adzakuonani ndani?"

Anandigwira paphewa, dzanja lawo lopepuka ngati la mwana. "Lily, mkamwini saikidwa kwa mkazi wake, ukudziwa. Tsiku lina mukanandibweretsabe kuno, pa lole, anthu akuimba. Bola lero ndabwera nditakhala kutsogolo, ndikuona njira."

Anatiperekeza mpaka pagalimoto. Abigail anawasungira malo, akumenya mpando ndi dzanja kuti agogo bwerani. Iwo anatseka chitseko ali kunja, namuuza kuti atsogole.