Wosayerekezeka wa Aubrey

Aubrey anaikidwa m'manda dzuwa lili paliwombo, ndipo pobwera kumandako anthu anadzazana pansi pa nyumba yake yomangidwa m'mwamba pa mizati, pomwe malemuyo ankamenyera madomino Loweruka. Mkazi wake Ismay anakhazikidwa pampando wa pakona, napatsidwa mbale ya mpunga wa nyemba wophikira mkaka wa kokonati. Sanaukhudze. Misozi inali itauma, moti anangokhala duu, kumvetsera anthu akuimirira mmodzimmodzi kunena za mwamuna wake.

Tisanamizane, Aubrey sanali mwamuna woti kholo lingamufunire mwana wake. Mowa wa ramu ankaukonda, denga linadontha mpaka tsiku lomwe anatsikira kulichete, ndipo Lachisanu akaweruka kumunda wa nzimbe njira ya kunyumba inkamutalikira. Koma anali ndi liwu limodzi la Chingerezi chakuya, osati Chingerezi chathu cha ku Berbice kuno, lomwe analitola pa wailesi ali mnyamata, owulutsa masewero a kriketi akutamanda womenya mpira wina. Liwulo linali peerless, kutanthauza wosayerekezeka, munthu woti palibe wolingana naye. Analinena kwa Ismay tsiku loyamba kukumana naye, mtsikanayo atasenza ndowa, ndipo analibwereza pa ukwati pamaso pa abusa. Kuyambira pamenepo nyimbo ya pakhomo inali yomweyo: Wosayerekezeka, tiyi wapsa? Wosayerekezeka, malaya anga ali kuti? Ismay ankati akapsa mtima n'kumanga katundu kuti abwerere kwa amake, liwulo linkamumasulitsa mtolo. Akazi anzake anali ndi mafiriji ndi ana ku Toronto, iye anali ndi liwu lake, ndipo linkamukwanira.

Oyamba kuimirira anali Bambo Ramkissoon ometa tsitsi. Anayamba bwino, zoti Aubrey anali munthu wa anthu, kenaka anapukuta maso n'kunena kuti chomwe sadzaiwala n'chakuti malemuyo akadziyang'ana pagalasi atametedwa ankati lumo lawo ndi losayerekezeka. Anatchula liwu lomwe lija, la pa wailesi. Anthu anagwedeza mitu, ena n'kuseka chamumtima. Ismay anadzilimbitsa kuti mwina nkhalambayo inamva Aubrey akukamba za mkazi wake ndiye yasakaniza nkhani, paja ukalamba ndi matenda.

Koma atangokhala pansi anadzuka Petal wa kwaya, nati mawu ake oimbira Aubrey ankawatcha osayerekezeka. Abale inu, mawu a Petal? Mayi woti akakweza nyimbo agalu a mudzi wonse amayankha? Wogulitsa nsomba anati nkhanu zake. Woyendetsa minibasi anati mabuleki ake, minibasi yoti tonse tinaionapo ili chafufumimba m'ngalande. Zinafika poti aliyense akaimirira anthu ankamudikira pa liwulo, akalitchula onse n'kulibwereza pamodzi ngati ameni. Wina kumbuyo anati ngakhale mbuzi yake ya ndevu ija inalandirako, ndipo anthu anafa nalo phwete.

Ismay anayang'ana uku ndi uku, mutu utabalalika. Kodi anthuwa apangana? Akumuseka iyeyo, kapena sakudziwa n'komwe? Anayesa kukumbukira ngati Aubrey analinenapo liwulo kwa munthu wina iye ali pompo, koma sanapeze kanthu. Nanga mudzi wonse walidziwa bwanji? Anakoka mwana wake Yonette, yemwe ankazungulira ndi thireyi ya makapu, n'kumufunsa chapansipansi ngati nayenso bambo ake anamutchulapo choncho.

"Ii, amayi, nditakhoza mayeso aja. Ngakhale nditalephera ena aja. Si mmene ankalankhulira adadi?"

Anatero n'kupitirira ndi thireyi yake, osadziwa kuti wabaya mayi ake. Ismay anamva manyazi, manyazi enieni otentha kumaso, kuti moyo wake wonse wakhala akutsekera m'bokosi chinthu chomwe mwiniwake ankamwaza mumsewu ngati chimanga cha nkhuku. Komabe mtima unakana kugonja. Lumo ndi lumo, nkhanu ndi nkhanu, mwana ndi mwana. Mwamuna atha kutamanda mbuzi ndi pakamwa pokha. Petal sanamuwerengere, ameneyo anatamandidwa kukhosi basi. Chomwe ankafuna kudziwa chinali chimodzi: kodi Aubrey analinenapo kwa mkazi wina, monga mwamuna amanenera kwa mkazi?

Wodziwa yankho analipo, ndipo Ismay anali atamuona kuyambira kutchalitchi. Clarice, wosoka zovala wa tsidya la ngalande, anaima kunja kwa mpanda pansi pa mtengo wa mango, osalowa komanso osachoka. Mudzi wonse unkadziwa kumene njinga ya Aubrey inkaswera Lamulungu kwa zaka zambirimbiri, ndipo Ismay ankadziwanso, kungoti akazi awiriwa anali asanalankhulanepo, ngakhale moni wa pamsika. Ismay ankapirira chifukwa mumtima ankati, atenge Lamulungu lakelo, liwu lija ndi langa.

Anaika mbale pansi, nadzuka. Amuna omwe ankamenya madomino anasiya. Azimayi anayamba kukodolana, wina n'kuthamangira Yonette kuti akagwire mayi ake maliro asanasanduke nkhonya. Koma Ismay anayenda pang'onopang'ono, mawondo akuwawa, mpaka pampanda. Clarice anafuna kubwerera m'mbuyo koma mtengo unamutsekereza. Maso ake anali otupa kuposa a namfedwa, ndipo zimenezo zinamunyansa Ismay.

"Sindinabwere kudzakangana nanu, mayi," anatero Ismay. "Mwamva zomwe akunena m'menemo. Ndiuzeni zoona, Mulungu akuona. Inunso ankakutchulani choncho?"

Clarice anayamba wazungulira. Anati pepani, anati sanafune kubwera koma miyendo yamubweretsa yokha, anati Aubrey banja lake ankalilemekeza. Ismay anamudula kuti za ulemuzo azisiye, ayankhe zomwe wafunsidwa.

"Ayi, Mayi Ismay. Liwu limenelo kwa ine sanalitchulepo, olo kamodzi."

Mpweya unatuluka m'chifuwa mwa Ismay. Ndiye kuti wapambana. Lumo, nkhanu, mbuzi, zonsezo zinali nthabwala za mwamuna wa pakamwa potsekemera, koma pa akazi liwulo linali lake yekha. Anatembenuka kuti azipita, ndipo akanapita pamenepo bwenzi atagona tulo tsiku limenelo. Koma mwendo umodzi utaponda kale njira, chinachake chinamuyabwa, paja mtima wa munthu sukhuta.

"Nanga ankakutchulani chiyani?"

Clarice anadabwa nalo funsolo, chifukwa kwa iye yankho linali lachidziwikire.

"Clarice," anatero. "Ankangoti Clarice."

Ismay anaima pomwepo, pakati pa mpanda ndi nyumba, osadziwa ngati aseke kapena alire, osadziwanso kuti mwa awiriwo wopatsidwa ndani, womanidwa ndani. Pansi pa nyumba munthu wina anali ataimirira kale kukamba za malemuyo, anthu atatchera makutu. Ismay anayamba kufufuza m'mutu, kubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, kufuna tsiku limodzi lokha lomwe anamva dzina loti Ismay likutuluka pakamwa pa mwamuna wake. Yonette anabwera kudzamugwira mkono, n'kumufunsa ngati mayi uja wamutukwana. Ismay anapukusa mutu. Anali akufufuzabe, ndipo anali atadutsa kale chaka chomwe Yonette anabadwa, osalipeza.